Tikwirire waya ndi pulasitala popanda mapaipi? Thandizeni Lolemba lisanafike

Lachisanu madzulo

Mayi a Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso ndipo nthawi yandithera, abilidala akuti Lolemba ayamba pulasitala wa mkati. Nyumba ndi ya zipinda zogona zitatu ku Area 49, njerwa zootcha. Wamagetsi wasema kale makoma, mabokosi a masoketi ndi maswichi waika. Ndiye lero akundiuza kuti mapaipi n'kungotaya ndalama, waya amene tagula ndi wa chikopa chokhuthala, wotuwa wophwatalala uja, angomugoneka m'mizere n'kumugwiritsa ndi timisomali, abilidala akwirire. Akuti nyumba zambiri ndi momwemo. Bambo a kunyumba ali kutali ndi ntchito, ine za magetsi ndine mbuli. Ndivomere?

Ras Kondwa: Mayi musayerekeze. Simenti amadya waya ameneyo. Zaka ziwiri zokha mudzaona utsi.

Anaphiri a ku Chilomoni: Iii mayi, dikirani ndimalize kuphika ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine.

Che Jafali wamagetsi: Ras, zoti simenti amadya waya ndimazimva pa sayiti iliyonse, koma si zoona kwenikweni. Chikopa cha PVC, pulasitiki wokuta wayayo, sichidyeka ndi simenti. Ndagumulapo makoma akale n'kupeza waya ali bwinobwino mkati. Ndiye tisawaopseze mayiwa ndi chinthu cholakwika, chifukwa wamagetsi wawo akawatsutsa pa mfundo imeneyo apambana, n'kuwakwirira wayayo. Zoopsa zenizeni ndi zina.

Choyamba ndi mpeni wa abilidala. Akamaponya matope n'kumakwecha, nsonga ya mpeni imatha kucheka chikopa pang'ono, osaoneka. Magetsi ayaka bwinobwino mwezi wa Ogasiti kuli gwa. Ikafika Januwale khoma lamwa madzi, mumayamba kumva kunyerenyetsa mukagwira khoma la kubafa.

Chachiwiri, waya wokwiriridwa sasololeka. Akapsa malo amodzi, kapena mwagula cooker yaikulu mukufuna waya wonenepa, mankhwala ake ndi hamala ndi tchizulo basi. Mugumula pulasitala, penti, mwina ndi matailosi omwe. Mu paipi mumangomanga watsopano kunsonga ya wakale n'kukoka.

Mayi a Tamanda: Zikomo Che Jafali. Ndiye kuti wandinamiza?

Che Jafali wamagetsi: Sindinganene kuti wakunamizani zonse. Waya wophwatalalayo, wa twin and earth, ali ndi zikopa ziwiri, ndipo kuli maiko komwe malamulo amalola kumukwirira. Koma mufunseni funso limodzi: kodi paliponse akuika ameneyo, kapena malo ena akuika waya mmodzimmodzi uja, wofiira payekha, wakuda payekha? Chifukwa wa mmodzimmodziyo ali ndi chikopa chimodzi chokha, anapangidwira mu paipi basi. Ameneyo kumukwirira ndi pulasitala ndi mlandu, palibe zokambirana.

Gondwe ku Leeds: Ndalowa mochedwa, ndangoweruka. Che Jafali akunena zoona. Kuno ku UK timakwirira twin and earth m'khoma tsiku ndi tsiku, ndipo buku la malamulo, BS 7671, limalola. Ndiwonjezenso chinthu chimene ambiri sakhulupirira: waya wogundana ndi pulasitala amataya kutentha bwino kuposa wa mu paipi. Wa 2.5 mm wokwiriridwa chonchi bukulo limamulola kunyamula magetsi okwana ma amp 27 (27 A). Ndiye nkhani yoti apsa chifukwa wasowa mpweya ichotseni.

Koma anthu amangotola theka la lamulo, loti n'zololedwa, n'kusiya theka linalo. Lamulolo limati waya wobisika ayende m'njira zodziwika. Kuchoka pa soketi kapena swichi, apite chokwera kapena chotsika mowongoka, kapena chopingasa mowongoka. Kwina kololedwa ndi mkati mwa 150 mm kuchoka pamwamba pa khoma, ndi mkati mwa 150 mm kuchoka pa kona pomwe makoma awiri akumana. Cholinga chake n'choti munthu wobwera ndi drill zaka 20 zikubwerazi, akaona soketi adziwe kuti pamwamba pake ndi m'mbali mwake saboolapo. Kenako, waya aliyense amene sanazame kufika 50 mm, ndipo alibe chitsulo cha earth chomuphimba, ayenera kukhala kumbuyo kwa RCD ya 30 mA. Kwathu timati earth leakage. Funso langa kwa mayiwa: mu DB mwanu mukhala earth leakage?

Mayi a Tamanda: Achimwene, DB ndikuidziwa, kabokosi ka ma breaker kaja. Zinazo mwandisiya panjira. Ma breaker analemba asanu ndi limodzi pa list, basi.

Gondwe ku Leeds: Pepani, ndifotokoze bwino. Breaker wamba imateteza waya kuti asapse. Ya masoketi imakhala ya 20 A kapena 32 A, imagwa magetsi akadutsa ochuluka kuposa pamenepo. Koma munthu safuna ma amp 20 kuti afe, kachigawo kakang'ono ka amp imodzi kodutsa pamtima n'kokwanira. Ndiye mwana akhoza kugwidwa ndi 230 V breaker ili chiimire, osagwedezeka. Earth leakage imayerekeza magetsi amene atuluka ndi amene abwerera. Ikaona kuti ena asochera, kaya alowa m'khoma lonyowa kaya m'thupi la munthu, imadula pompo. Mwa zinthu zonse zimene mungachepetse pa bajeti, ichi chisakhalepo.

Anaphiri a ku Chilomoni: Ndabwera tsopano. Ife tinkachita lendi nyumba ina, yatsopano, penti akununkhira. Ndinagula kalilole wamkulu wa pabalaza. Malo ndinasankha pakati pa khoma, kutali ndi swichi, kutali ndi soketi, chifukwa zoti pamwamba pa soketi sakhomapo ndinkazidziwa. Mlongo wanga anakwera pampando ndi msomali wa konkire. Kumenya koyamba, kwachiwiri, kwachitatu kunangomveka phuu! Moto wa buluu, hamala uko, iye pansi. Mwayi wake mpando unali wa pulasitiki ndipo chogwirira cha hamala chinali cha mtengo. Mutu wa msomali unachita kuda bii.

Atabwera wokonza n'kusema, tinapeza kuti waya anachoka pa swichi ya pakhomo n'kudutsa chamtanda, kuchoka kona ya m'mwamba kupita ku soketi ya kona ya m'munsi, ngati njira yachidule ya m'munda. Anapulumutsa mwina mamita awiri a waya. Analibe paipi, analibe chilichonse. Eni nyumba n'kumati ndilipire ine chifukwa ndakhoma msomali osapempha.

Ras Kondwa: Munalipira?

Anaphiri a ku Chilomoni: Tinagawana pakati. Kalilole ndinasamuka naye osamupachika.

Che Jafali wamagetsi: Nkhani ya Anaphiri ikuphunzitsenso china: ngakhale pakanakhala paipi ya PVC, msomali wa konkire ukanalowa ndithu. Paipi si chishango cha msomali. Chokutetezani ku msomali ndi njira yowongoka ndi earth leakage. Paipi imateteza ku mpeni wa abilidala, ndipo imakulolani kusintha waya. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, zonse zikufunika.

Madala Chisale: Ndakhala chete ndikuwerenga, koma dzina la abilidala latchulidwa kokwanira. Ine ndamanga kuyambira nthawi ya Kamuzu. Inu amagetsi mumatipatsa ntchito yovuta. Mumasema kamzere kosazama, paipi n'kutsala theka lili kunja, kenako mumati madala kwirirani. Pulasitala wabwino ndi wa 12 kapena 15 mm. Kuti ndibise paipi yanu ndiyenera kunenepetsa khoma lonse, simenti wa bwana n'kumathera pamenepo. Ndikapanda kutero pamwamba pa paipi pamatsala kachikopa kopyapyala, miyezi itatu mng'alu watuluka kutsata paipi kuyambira pa swichi mpaka ku siling'i. Ndiye bwana amati Chisale sadziwa pulasitala. Wamagetsi nthawi imeneyo foni yake siikupezeka.

Che Jafali wamagetsi: Madala, apa mwalasa. Sinditsutsa.

Madala Chisale: Chinanso, mabokosi. Wina walowa mkati kwambiri, wina watuluka, wina wapendama. Mubwere tigwirizane kaye kuti pulasitala athera pati, tikoke chingwe, bokosi likhale pa levulo. Ndipo muzitseka mabokosi ndi mapepala a matumba a simenti tisanayambe. Ine ndikamaponya matope sindisankha, bokosi lotsegula ndimalidzaza, ndi kukamwa kwa paipi komwe.

Mayi a Tamanda, mng'alu uli ndi mankhwala ake. Paipi ikalowa, mzerewo authire madzi, autseke ndi matope olimbirako tsiku limodzi kapena awiri pulasitala asanayambe, kuti uume pawokha. Pomwe padutsa mapaipi awiri kapena atatu pamodzi, monga pansi pa DB, akhomepo waya wa nkhuku wopyola m'mbali zonse. Simudzaona mng'alu.

Gondwe ku Leeds: Koma madala, kuzamitsako kuli ndi malire ake. Kuno mzere woimirira usapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa khoma, wopingasa usapyole gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Tiwerengere pa makoma athu. Khoma la mkati la njerwa imodzi yogona m'litali, la mainchesi 4 ndi theka lija, ndi pafupifupi 115 mm. Choimirira mukhoza kusema mpaka 38 mm, paipi ya 20 mm ilowa bwino. Chopingasa malire ndi 19 mm, paipi ya 20 mm siikwana n'komwe. Ndiye pa makoma opyapyala mapaipi azitsika kuchoka kudenga, aliyense pa soketi yake, osati kudula khoma m'chiuno kuchoka soketi ina kupita ina. Ndipo musaseme mbali zonse ziwiri za khoma pa malo amodzi, mutsala ndi bisiketi.

Madala Chisale: Manambala anuwo sindiwadziwa, koma khoma lodulidwa m'chiuno ndinaliona likugwa ndi chitseko chomenyetsedwa ndi mphepo. Ndiye tikugwirizana. Pa mabuloko a simenti a mabowo ndiye musaseme n'komwe, paipi izilowa m'bowo tikamamanga. Wamagetsi azibwera tili pa mzere wachitatu wa mabuloko, osati denga litatha.

Baba Mchenga: Mchenga wa kumtsinje wabwino wa pulasitala ulipo, tipa yodzaza, Lilongwe yonse timafikitsa. Inbox.

Admin: A Mchenga, malonda ndi Lachitatu. Kachiwiri kano.

Loweruka m'mawa

Mayi a Tamanda: Mwadzuka bwanji. Ndalawirira ku sayiti ndi foni m'manja, ndikuyenda ndi mauthenga anu khoma ndi khoma. Zomwe ndapeza ndi izi. Kuchipinda mizere ndi yowongoka. Pabalaza pali umodzi wodutsa chamtanda ndendende ngati wa Anaphiri, ndipo ukudutsa pomwe tikufuna kudzapachika TV. Kukhitchini waika kale waya wina, ndipo pafupi ndi windo ndaona pokulunga ndi tepi yakuda, potupa ngati bondo. Ndamufunsa, akuti waya anaperewera ndiye analumikiza, tepi ndi yabwino ya original.

Che Jafali wamagetsi: Mayi, pa tepipo ndiye pandikwiyitsa kuposa za mapaipi. Polumikiza waya sipakwiriridwa. Pazikhala m'bokosi lokhala ndi chivundikiro, loti munthu n'kutsegula n'kuona. Waya wopotana ndi manja amamasuka pang'onopang'ono chifukwa kopa amafutukuka akatentha n'kubwerera akazizira. Pomasukapo pamayamba kutentha, tepi imauma, chinyontho cha m'khoma chimalowa. Ndipo kukhitchini ndi kumene kuli ketulo ndi hotplate, zokoka magetsi kwambiri. Vuto lake likadzayamba palibe adzadziwe pomwe lili, chifukwa pamwamba padzakhala matailosi oyera bwino. Achotse, aike waya wathunthu kuchoka bokosi kufika bokosi.

Phiri wa ku Joni: Moni kumudzi. Ine ndimagwira za zomangamanga kuno ku Johannesburg. Kuno wamagetsi akamaliza amapereka pepala lotchedwa CoC, kutsimikiza kuti ntchito yatsata malamulo a magetsi a kuno otchedwa SANS 10142, ndipo nyumba siigulitsidwa popanda pepala limenelo. Ndiye munthu amaopa kubisa zinyalala m'khoma chifukwa dzina lake ndi nambala yake zili pa pepala. Mayi, wanuyo ali ndi chiphaso?

Che Jafali wamagetsi: Funso labwino. Kuno ziphaso za oika magetsi m'nyumba amapereka a MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo a ESCOM pokulumikizani amafuna kuti ntchito ikhale yagwiridwa ndi munthu wovomerezeka. Chimene chimachitika n'choti ntchito amagwira mnyamata wopanda pepala, kenako mumakasaka wa chiphaso kuti angosaina. Wosainayo akubwera khoma litapakidwa kale penti, aona chiyani? Aona masoketi okongola. Ine ndinasiya kusainira ntchito imene sindinaione isanakwiriridwe, anthu amati ndine wovuta.

Mayi a Tamanda: Ndamufunsa. Akuti chiphaso ali nacho abwana ake amene anamuphunzitsa ntchito, ndi amene adzasaine.

Ras Kondwa: Hahaha ndi zomwezo Che Jafali angonenazi.

Anaphiri a ku Chilomoni: Musamuthamangitse msanga mwanayo. Mwina ntchito amaidziwa koma anazolowera mabwana okonda zotchipa. Muuzeni kuti abwana akewo abwere aone makoma lero kapena mawa, asanakwiriridwe. Akakana ndiye mudziwa.

Gondwe ku Leeds: Ndipo abwere ndi megger. Ndi kachipangizo kamene kamatumiza 500 V mu waya, magetsi a ESCOM asanalumikizidwe, n'kuyeza ngati chikopa chikudontha. Lamulo la kuno limati isatsike pansi pa 1 megohm, koma waya watsopano wabwino amaonetsa mazanamazana. Muyeze kawiri: waya akangolowa, komanso pulasitala atatha koma penti asanapakidwe. Nambala ikagwa pakati pa miyeso iwiriyo, mwadziwa kuti china chavulala, ndipo kugumula nthawi imeneyo sikupweteka kwambiri.

Che Jafali wamagetsi: Ngati apita njira ya mapaipi, waya asalowe n'komwe pano. Mu paipi musiyemo waya wachitsulo wokokera basi. Waya weniweni adzakokedwe pulasitala atauma, mawindo ndi zitseko zitaikidwa. Apo ayi mukugulira akuba. Ndinaonapo nyumba itasololedwa kopa yense usiku umodzi, alonda ali mtulo.

Phiri wa ku Joni: Pamenepo ndiye ubwino umodzi wa wokwirira, wakuba sangasolole.

Che Jafali wamagetsi: Amadula michira yonse yotulukira m'mabokosi n'kukusiyirani waya wosafika pa soketi. Zikatero ndiye mulira kawiri.

Mphunzitsi Banda: Ndilowererepo pa za waya weniweniyo. Ine ndinagula ma roll otchipa pamsika, olembedwa 2.5 bwinobwino. Wamagetsi wanga atapala ndi mpeni, kufiira kunachoka, mkati munali moyera. Aluminiyamu wopaka kopa pamwamba. Anali wopepukanso m'manja poyerekeza ndi weniweni. Ndiye mayi musanakambe zokwirira kapena kusakwirira, dulani kachidutswa mupale. Wotereyo amatentha msanga ndipo amathyoka pa sikuluwu ya soketi.

Mayi a Tamanda: Ndapala ndi mpeni wa alonda. Ndi wofiira mpaka mkati. Mtima wakhalako pansi pa chimodzi.

Funso lina, pepani ndachulutsa. Akuti ngati ndikukakamira mapaipi ndiye waya wophwatalalayu avuta kulowa. Ndi zoona? Kapena ndagula zolakwika?

Che Jafali wamagetsi: Mmodzi wa 2.5 amalowa mu paipi ya 20 mm ngati njira ndi yowongoka, ngakhale amalimba pokoka. Awiri musayese, pamenepo ndi 25 mm. Wa cooker wa 6 mm mupatseni 25 mm yakeyake. Ubwino wake mapaipi anu ambiri ndi ongotsika kuchoka ku siling'i kufika pa bokosi, opanda kona. Kudenga wophwatalalayo ndi woyenera, koma kumenekonso ndimakonda paipi chifukwa cha makoswe. Simunataye ndalama.

Pomwe pakufunika kona, apinde ndi sipuling'i yopindira. Anyamata ambiri amayatsa pepala la simenti n'kuwamba paipi, imafewa n'kuphwanyika mkati ngati bango. Kunja ikuoneka kona yabwino, mkati njira yatsekeka. Ndipo makona asapyole awiri pakati pa bokosi ndi bokosi.

Gondwe ku Leeds: Popeza makoma ali otsegula, ikanimo paipi imodzi kapena ziwiri zopanda kanthu. Imodzi kuchoka pa DB kupita pomwe mungadzaike inverter ndi mabatire, ina kumbuyo kwa TV ya chingwe cha dish. Ndi mmene magetsi amazimira kwathuko, sola mudzaifuna ndithu, ndipo simudzafuna mawaya oyenda pamwamba pa penti ngati chomera choyanga pakhonde.

Anaphiri a ku Chilomoni: Ndipo jambulani! Khoma lililonse, mwana agwire tepi yoyezera kuchoka pa kona kufika pa paipi, inu mujambule nambala ikuoneka. Zithunzizo mudzitumizire pa email, foni imatayika. Ine ndikanakhala ndi chithunzi chimodzi chokha mlongo wanga sakanagwa pampando.

Madala Chisale: Abilidala anuwo auzeni ayambe pulasitala wa kunja Lolemba. Satayapo tsiku, inunso simuwalipira kukhala. Mkati alowe Lachinayi.

Lachiwiri usiku

Mayi a Tamanda: Ndabwera ndi lipoti. Abwana ake a mnyamata uja anabwera Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, bambo achikulire ndithu. Atangoona tepi ya kukhitchini sanayankhule, anangoisolola n'kumupatsa mnyamatayo m'manja. Mzere wachamtanda autseka, asema wina wotsika mowongoka. Mapaipi tagula, ndalama yake ndachotsa pa matailosi a pakhonde, adikira. Earth leakage alemba pa list. Abilidala ali kunja monga ananenera madala Chisale, ngakhale anayamba anyinyirika.

Lero ndinaumirira kuti tiyese kulowetsa waya wokokera m'paipi iliyonse ndili pompo. Zonse zadutsa kupatula ya pa cooker, yakanira pa kona pansi pa windo. Atachotsa tapeza yaphwanyika mkati, yakuda ndi utsi.

Che Jafali wamagetsi: Anawamba.

Mayi a Tamanda: Akuti sipuling'i anabwereka mnzake wa ku Area 25 sanabweze. Ndamupatsa ya minibasi akaitenge mawa m'mawa.

Madala Chisale: Akamaliza musaiwale kuthira madzi m'mizeremo asanatseke. Njerwa youma imamwa madzi a matope, sagwira.

Mayi a Tamanda: Ndalemba, madala. Zithunzi ndajambula 41, Tamanda wagwira tepi mpaka wadandaula mkono. Funso la earth rod, chitsulo cha earth chokhomera pansi chija, ndibwera nalo mawa, akuti pamalo pathu ndi pa thanthwe.